Kozi ya pa Moodle imene inatsekera kunja ophunzira awiri: lipoti lochokera ku Mzuzu

Ndimagwira ntchito pa koleji ina kuno ku Mzuzu, mu ofesi yothandiza alekichala kuika maphunziro awo pa intaneti. Dzina la ofesiyo ndi lalitali kuposa ofesi yeniyeniyo: tilipo anthu awiri, makompyuta atatu, ndi hita imodzi imene timalimbirana m'mwezi wa June. Pulogalamu imene timagwiritsa ntchito ndi Moodle, ija anayambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia n'kutuluka koyamba mu 2002. Ife tinaiika mothamanga sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo uthenga umene unapita kwa alekichala nthawi imeneyo unali umodzi: chilichonse chimene muli nacho, kwezani. Anakwezadi. Manotsi akalekale anadutsa pa sikana n'kusanduka ma PDF, ena opendekeka, ena ooneka chala cha amene ankasikanayo m'mphepete mwa tsamba.

Kozi ya nkhani ino ndi ya kuyeza ndi kuunika ntchito ya ana m'kalasi. Amaiphunzira ndi aphunzitsi a ku pulayimale amene akuonjezera maphunziro ali pantchito, ndipo ili ndi masamu ambiri ndithu: avareji, mediyani (nambala yapakati manambala akandandalikidwa motsatira kukula), kumwazikana kwa malikisi, matebulo ndi magalafu. Mu semesita ya 2022 imene ndikunenayi munali ophunzira 74, ochokera ku Karonga, Chitipa, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi ena ochepa a ku Kasungu. Amabwera ku Mzuzu masabata awiri oyambirira, kenako amabwerera kumasukulu awo n'kumaphunzira pa foni kwa masabata 12.

Chaka chimenecho magetsi anavuta kwambiri. Namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, mphamvu yokwana pafupifupi 130 MW n'kuchoka, ndipo kuzima kwa maola ambiri patsiku kunangokhala kwa masiku onse. Ndatchula zimenezi chifukwa zinatipatsa yankho lokonzeratu pa vuto lililonse. Wophunzira akapanda kupereka asayimenti, tinkati ndi magetsi. Akalephera mayeso, tinkati ndi netiweki. Nthawi zambiri zinali zoona, n'chifukwa chake sitinkafufuzanso.

Chizindikiro choyamba

M'sabata yachinayi ndinkayang'ana malipoti amene Moodle imasunga osonyeza amene watsegula chiyani komanso nthawi yanji. Dzina lina linandidabwitsa. Munthuyo anali atatsegula fayilo imodzimodziyo ka 19 m'masiku atatu, nthawi zonse usiku. Mayeso a sabata yachitatu anawayamba, anayankha mafunso atatu, n'kuima pa funso lachinayi mpaka mphindi 30 zinatha, mayesowo n'kudzitumiza okha. Munthu amene netiweki ikumuvuta sachita choncho. Amalowa n'kuduka, mwina n'kusowa masiku awiri. Uyu ankalowa bwinobwino n'kukhala pakhomo pomwepo.

Alekichala nditawauza anati mwina ndi bandulo ikuwathera. Ndinaimba foni.

"Achimwene, fayiloyo ikutseguka," anatero bambo amene anayankha. "Koma mulibe kanthu."

Ine fayiloyo ndinali nditaitsegula pa kompyuta yanga, masamba 22 odzaza. Ndinayamba kuwafotokozera mmene angaitsitsirenso, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati: "Mwina simunauzidwe. Ine sindiona. Ndimawerenga ndi makutu."

Bambowa ankagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yaulere imene imawerenga mokweza zolembedwa za pa kompyuta. Anaipanga ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, kuyambira mu 2006. Pa foni ankagwiritsa ntchito TalkBack, imene imabwera ndi Android. Mapulogalamuwa amawerenga zilembo zenizeni, ndipo tsamba losikanidwa mulibe zilembo, ndi chithunzi chabe cha pepala. Maulendo 19 aja ankayesa njira ya NVDA yozindikira zilembo za pa chithunzi, koma pa fotokope yopendekeka yokhala ndi zolemba pamanja, matebulo ankatuluka ngati mulu wa manambala osadziwika mwini. Funso lachinayi lija linali lokoka mawu n'kuwaika pamalo oyenera pa chithunzi cha galafu.

Chimene chimandipwetekabe n'chakuti palibe chimene bambowa anabisa. Pa fomu yolembetsera anachonga kabokosi ka ulumali. Masabata awiri aja anakhala kutsogolo ndi ndodo yawo yoyera, akujambula mawu pa foni, ndipo alekichala ankawadziwa bwino. Fomuyo inapita mu kabati. M'kalasi alekichala ankawerenga mokweza zimene alemba pa bolodi, koma sanaganize kuti pa intaneti palibe amene angawawerengere. Ku ofesi kwathu uthengawo sunafike.

Njira yachidule imene ndinasankha

Ndinachita zimene ndikuganiza kuti ambiri a inu mukanachita. Ndinayamba kutayipa manotsi a sabata iliyonse mu Word n'kumawatumizira pa WhatsApp, ndipo ndinapempha alekichala kuti azijambula mawu ofotokoza magalafu. Mayeso aja anawapatsanso pa foni, iwo akuwerenga mafunso, bambowo akuyankha. Chifukwa changa chinali chomveka: semesita ikuyenda, munthu mmodzi ndiye akuvutika, kukonza kozi yonse kudikire tchuthi.

Zinayenda masabata awiri. Koma manotsi ankawafika patapita masiku anayi kapena asanu anzawo atalandira, zokambirana za m'kalasi zitatha kale. Alekichala atakonza nambala yolakwika m'tebulo lina pa Moodle, kope la bambowa linatsala ndi yolakwikayo, ndipo anaigwiritsa ntchito mu asayimenti. Kenako kwathu kunagwa maliro, ndinachoka masiku asanu, ndipo sabata imeneyo sanalandire kalikonse. Nditabwerera anandiimbira kudzapepesa maliro, ndipo pomaliza anati: "Ndikuthokoza zonse mukuchita. Koma ndikukhala ngati mwana wodyera kukhitchini anzake ali pamphasa. Mukadwala inuyo, nanenso sukulu yaima."

Apa m'pamene ndinaganiza zokonza kozi yeniyeniyo. Moodle yathu inali 3.11, imene ili ndi chida cha Brickfield chofufuza zolakwika zimene zingalepheretse anthu aulumali kugwiritsa ntchito tsamba. Ndinachiyendetsa, chinatulutsa mndandanda wautali, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndikuufupikitsa. Zithunzi zopanda mawu ofotokoza ndinaziika mawu. Malemba otumbuluka ndinawadetsa kuti afike pa muyezo wa WCAG 2.1, malangizo a mu 2018 a W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti, amene amati kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi wa pamene zalembedwapo kusachepere pa 4.5:1. Mndandanda utatsala pang'ono kutha ndinanyadira, ndipo ndinapempha bambowa kuti akabwera ku Mzuzu kumapeto kwa mwezi adzadutse ku ofesi. Kunena zoona, ndinkafuna adzandiyamikire.

Maola awiri opanda sikirini

Anafika Lachisanu m'mawa kukugwa mvula yamawawa, mnyamata wa kabaza atawaperekeza mpaka pakhomo. Anatulutsa laputopu, analumikiza kasipika, n'kundetsa sikirini yonse kuti bii. "Tionere limodzi," anatero.

Poyamba sindinkamva kanthu, chifukwa NVDA yawo imalankhula mothamanga kwambiri moti kwa ine linkangokhala phokoso. Anaichepetsa liwiro chifukwa cha ine. Atalowa pa tsamba la kozi anadina H, batani limene limalumphira pa mutu wotsatira, monga mmene ife oona timaponyera maso pa mitu tisanayambe kuwerenga. Kompyuta inayankha kuti palibe mutu wina. Mitu yathu yonse inali mawu wamba amene tinangowakulitsa ndi kuwanenepetsa. M'maso inali mitu, koma kwa NVDA inali chiganizo ngati china chilichonse. Kuti afike pa gawo lachisanu anayenera kumvetsera magawo anayi onse, ulendo uliwonse.

Kenako anaitanitsa mndandanda wa malinki onse a patsambalo. Unabwera motere: dinani apa, dinani apa, dinani apa, kasanu ndi kawiri. Atafika pa galafu ina, kompyuta inawerenga mawu amene ndinaikapo ndekha sabata yapitayo: "galafu ya malikisi". Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa mwaulemu kuti malikisiwo akutani. Chida chija chinangoona kuti pachithunzi pali mawu ofotokoza, n'kuchonga. Sichingadziwe kuti mawuwo sakunena kanthu. Zithunzi zina zinayi sizinatchulidwe n'komwe, chifukwa amene anazikweza anachonga kabokosi konena kuti chithunzicho n'chokongoletsa chabe, pofuna kuti Moodle isiye kuwavutitsa. Ziwiri mwa izo zinali mafomula. Ma PDF osikanidwa aja chidacho sichinawakhudze, chifukwa chimayang'ana zolembedwa pa masamba a Moodle, osati zam'kati mwa mafayilo okwezedwa.

Tebulo ndilo linanditsegula m'maso. Linali ndi mizere isanu ndi umodzi yotsika, ndipo kompyuta inkangoti 45, 12, 3, 60. Tebulo likakonzedwa bwino, mzere wapamwamba utalembedwa kuti ndi wa mitu, NVDA imatchula mutu musanamve nambala, ndiye mumadziwa kuti 12 ameneyu ndi chiwerengero cha ana, osati malikisi. Lathu linalibe zimenezo. Bambowa ankawerengera mabokosi ndi zala patebulo langa kuti asasokere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kozi yathu inali ndi zithunzi zokongola ndi mitundu ya koleji, ndipo inali itaonetsedwapo kwa alendo.

Panalinso kanthu kena kakang'ono kamene kanandiseketsa. Zitsanzo za mayankho a ana zimene zinalembedwa m'Chichewa zinkamveka zachilendo m'mawu a Chingerezi a kompyutayo, ngati mlendo amene watsika ndege dzulo. Bambowa anali atapeza kale njira yawo: akafika pa Chichewa amasinthira ku mawu a Chiswahili, amene amatchula mavawelo mofanana ndi athu.

Zimene tinagwirizana, ndi kukana kwa alekichala

Tinali m'sabata yachisanu ndi chitatu. Tinagwirizana kuyamba ndi masabata akutsogolo, akale aja tiwasiye kaye, chifukwa bambowa anali nawo kale mu Word. Manotsi tinawachotsa mu PDF n'kuwaika mu gawo la Moodle lotchedwa Book, mutu uliwonse tsamba lake, mitu ikuikidwa ndi batani la mitu osati lonenepetsa zilembo. Linki iliyonse inayamba kunena kumene ikupita. Fomula iliyonse tinailemba kawiri, m'zizindikiro za masamu ndiponso m'mawu pansi pake, chifukwa kuti NVDA iwerenge masamu pankafunika pulogalamu ina yoonjezera imene sitinafune kudalira. Chaputala cha buku chimene alekichala anali atasikana tinachitayipa chonse. Mnzanga anada nkhawa ndi za umwini wa bukulo, ndipo ndinamukumbutsa za pangano la Marrakesh la mu 2013, limene Malawi inalowamo mu 2017, lolola kukonza makope oti anthu osaona athe kuwerenga. Kope limenelo tinalitsegulira bambowa okha.

Pa magalafu ndinakana kulemba ndekha. Wolemba mawu ofotokoza galafu ayenera kudziwa chimene galafuyo ikuphunzitsa. M'manotsi, mawuwo anene zonse: kuti ana ambiri aunjikana kumalikisi otsika ndipo mchira wautali wapita kumanja. Koma galafu yomweyo ikakhala m'mayeso, funso lili lakuti wophunzira anene mmene malikisi agawikira, mawu amenewo aulula yankho. Pamenepo pafunika tebulo la manambala amene anapanga galafuyo, wophunzirayo aone yekha m'maganizo. Amene angasiyanitse ziwirizi ndi mwini phunzirolo.

Alekichalawa ndi munthu wabwino, wa zaka zambiri pantchito, koma anakana. "Ndisinthe kozi yonse chifukwa cha munthu mmodzi? Nanga mayeso tikawafewetsa, satifiketi yake ikhala yofanana ndi ya anzake?" Funso lachiwirilo linali loyenera, ndipo tinakhala pansi kuyang'ana mayeso funso ndi funso. Lokoka mawu lija linkafuna kudziwa ngati wophunzira akudziwa pamene mediyani imakhala. Kukoka ndi chala sikunali mbali ya phunzirolo. Tinalisintha kukhala losankha yankho, manambala ali m'tebulo, ndipo iwo eni anavomereza kuti silinafewe.

Pa funso lawo loyamba lija, losintha kozi yonse chifukwa cha munthu mmodzi, ndiulule kuti sindinawagonjetse ndi lamulo. Ndinatchula Disability Act ya 2012, imene inkaletsa kusala munthu pamaphunziro chifukwa cha ulumali, ndi kuti dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Anagwedeza mutu ngati munthu amene akumvetsera ulaliki umene anaumvapo kale. Chimene chinawatembenuza ndi bandulo. Ndinawaonetsa kuti PDF yawo ya sabata imodzi inali 38 MB, pamene manotsi omwewo mu Book sanakwane 1 MB. Ndinawaonetsanso kuti pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola kutsitsa mayeso n'kuwalemba popanda netiweki, koma pokhapokha mayesowo akhale opanda malire a nthawi. Poyamba ndinkafuna kungoonjezera nthawi ya bambowa okha, zimene Moodle imalola. Koma mayeso a sabata ndi sabata anali ndi malikisi ochepa, cholinga chake chinali kuyeserera, ndiye tinachotsa wotchiyo kwa onse n'kungosiya tsiku lotsekera. Madandaulo a magetsi amene ankadzaza foni ya alekichala Lamlungu lililonse anachepa, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kulemba okha mawu a magalafu. Mpaka lero sindimasuka nazo kuti ufulu wa munthu ndinachita kuugulitsa ngati njira yopulumutsira mayunitsi.

Wachiwiri, amene tinamutsekera tokha

Alekichala anazolowera kujambula mawu, ndipo anakukonda. Kulankhula n'kosavuta kuposa kutayipa. Anayamba kuika mawuwo pa Moodle kuti kalasi yonse imve, kenako zinthu zina zatsopano, zitsanzo ndi malangizo a asayimenti, zinayamba kupezeka m'mawu mokha. Ine ndinkaona ngati tikupita patsogolo.

M'sabata ya 11 mnzanga anaona kuti mayi wina amene ankakhoza bwino kwambiri m'masabata oyambirira walephera asayimenti yachiwiri, ndipo walephera modabwitsa: anayankha funso mmene linalembedwera poyamba, osati mmene alekichala analisinthira m'mawu ojambulidwa. Malipoti anasonyeza kuti fayilo ya mawu anatsegulapo imodzi yokha. Foni sankayankha, koma uthenga wolemba anayankha nthawi yomweyo. Mayiwa amamva pang'ono kwambiri. M'kalasi amakhala kutsogolo n'kumayang'ana milomo, ndipo palibe amene anazindikira. Pa fomu sanachonge kanthu. Analemba kuti sanafune kuti anthu ayambe kuwafunsa ngati angathe kuphunzitsa ana.

Nditakafotokoza ku ofesi yolembetsa, wina anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwo ndi woona, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. M'kalasi ya anthu 74, kabokosi kochongedwa kamodzi kanayenera kutikayikitsa, osati kutitonthoza. Ndipo chitseko chimenechi tinachitseka ndife, m'kati mwa semesita, pothandiza munthu wina.

Tinayesa kukweza mawuwo pa YouTube kuti itilembere yokha, koma alekichala amasakaniza Chingerezi, Chichewa ndi Chitumbuka m'chiganizo chimodzi, ndipo zimene zinatuluka sizinali chinenero chilichonse. Tinatayipa pamanja. Mphindi khumi za mawu zinkatitengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo panali mafayilo 16. Tinaika lamulo lakuti mawu kapena vidiyo isakwere popanda zolembedwa zake pansi, ndipo malangizo a asayimenti azikhala olembedwa nthawi zonse. Alekichala atamva kutalika kwa ntchito yotayipa anayamba kulemba kaye zimene akufuna kunena n'kumawerenga pojambula, moti zolembedwazo zinkakhalapo kale, ndipo mawu awo anafupika ndi theka.

Pa asayimenti ija tinasiyana maganizo. Ine ndinkafuna mayiwa alembenso. Akuluakulu a dipatimenti anati popeza sanalembetse za vuto lawo, palibe pepala loikira chifukwa, ndipo malikisi anali atalowa kale. Mayiwo anakana kulemba kalata yofotokoza. Sindinawakakamize.

Mmene zinathera

Mayeso omaliza analembedwa pa pepala kuno ku Mzuzu. Bambo aja analembera pa laputopu ya koleji yopanda intaneti, imene tinaikamo NVDA dzulo lake kuti aiyese, m'chipinda chapadera, ndi nthawi yoonjezera. Funso lina linkati wophunzira ajambule galafu. Tinali titaliona msanga chifukwa ulendo uno alekichala anabwera nalo okha ku ofesi, ndipo anakonza kuti bambowa alembe tebulo la magulu a malikisi, anene zimene zikhale pa mzere wopingasa ndi woimirira, ndi kufotokoza maonekedwe a galafuyo. Anakhoza bwino. Asayimenti ija ya nambala yolakwika inachongedwanso, popeza kulakwa kunali kwathu.

Mayi aja mayeso omaliza anakhoza, koma malikisi a m'kati mwa semesita anawakokera pansi, ndipo analemba mayeso obwereza patatha miyezi iwiri, ulendo wochokera kunyanja pa ndalama zawo. Anadutsa. Sanandilemberenso uthenga.

Masabata oyambirira aja tinawamaliza patchuthi. Tsopano ofesi yolembetsa imatitumizira mndandanda wa amene achonga kabokosi semesita isanayambe, ndipo pa tsamba loyamba la kozi iliyonse imene yadutsa m'manja mwathu pali uthenga wakuti aliyense amene china chake sichikumutsegukira, sichikuwerengeka kapena sichikumveka atilembere, ndipo sitimufunsa chifukwa. Kozi yatsopano tisanaitsegule, ndimazula mausi, ndimadetsa sikirini, n'kuyesa kufika pa asayimenti yoyamba ndi kiyibodi ndi makutu okha. Ndimachedwa kwambiri poyerekeza ndi bambo aja, ndipo pali zambiri zimene iwo angagwire zimene ine zimandidutsa. Ndinapempha kuti koleji iziwalipira kangachepe kuti azitiyesera makozi, koma pempholo likadali pa desiki ina.

Makozi amene takonza motere ndi asanu. Otsalawo ndi ambiri kuposa pamenepo. Semesita yotsatira kozi ya kuyeza ndi kuunika inapatsidwa kwa lekichala wina wachinyamata, wodziwa bwino kompyuta, amene anayamikira kwambiri mmene tinaikonzera. M'sabata yachitatu ndinapeza kuti wakweza zithunzi zisanu ndi chimodzi za bolodi, zojambula pa foni, zonse atachonga kuti n'zokongoletsa chabe. Ndinatenga kasipika kaja n'kupita ku ofesi kwake.